Chalowa inde, koma si chake: zipolopolo za .22 mu volovolo

Munthu akakuuzani kuti ali ndi mfuti ya 22, sananene zonse. Pansi pa nambala imeneyi pali zipolopolo zamitundumitundu: .22 Short, .22 Long, .22 Long Rifle, .22 WRF ndi .22 Magnum, osawerengera ting'onoting'ono totchedwa BB ndi CB. Mukaziyala pachikhatho mungaganize kuti zangosiyana kutalika basi. Koma zina zimasiyananso kunenepa, ndipo kusiyanako sikukwana n'komwe theka la milimita. Diso silingakuone, komabe n'kokwanira kung'amba chigoba cha chipolopolo n'kumwaza tizidutswa ta mkuwa wotentha kumaso kwa wowomba, kapena kwa mnzake amene waima pambali. Choipitsitsa n'chakuti chipolopolo cholakwikacho chimalowa mosavuta, ndipo chimalira.

Kuno ku Zomba nkhaniyi si yachilendo. Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka 1975, muli Cobbe Barracks, muli koleji ya apolisi, ndipo m'maesiteti ndi m'nyumba zakale mudakali katundu wa anthu amene ankasunga mfuti ndi chilolezo. Zipolopolo sizigulitsidwa pa golosale, choncho amene ali nazo amazisunga zaka zambiri. Katoni yake imawola, zotsalazo n'kuzithira m'kachitini kamodzi pamodzi ndi zina zimene mnzake anamupatsa. Ngozi imabadwira m'kachitini kameneko. Ndineneretu kuti lamulo la dziko lino limafuna chilolezo cha apolisi pa mfuti ndi pa zipolopolo zomwe, ndipo chilolezo cha malemu sichisanduka cha mwana wake. Wopeza volovolo m'sutikesi ya agogo, njira yake ndi ya ku polisi. Zimene ndikulemba pano ndi za amene ali nayo mwalamulo.

Zonse zikuyambira pa mmene chipolopolo chotere chimayakira. Zipolopolo zikuluzikulu, monga za asilikali, zili ndi kabatani kozungulira pakati penipeni kunsi kwake. Kamsomali ka mfuti kakamenya pamenepo, moto umayaka n'kugwira wonga. Za .22 zilibe kabatani. Kunsi kwake n'kosalala, ndipo mankhwala oyatsira moto amabisala mkati mwa mkombero, kamlomo kotuluka kaja kamene kazungulira kunsi konse. Kufakitale amathira mankhwalawo ali onyowa, n'kuzunguza chigobacho mwaliwiro kuti amwazikire mumkombero monse. Powomba, kamsomali kamatswanya mkomberowo ndipo mankhwala amayaka. Mtundu umenewu ndi umene umatchedwa rimfire. Tsono kuti kamsomali kathe kutswanya mkombero, mkuwa wake uyenera kukhala wopyapyala ndiponso wofewa. Apa mpamene pagona nkhani yonse: chigoba cha rimfire pachokha sichingapirire kuphulika kwa wonga. Chimadalira khoma la bowo limene chalowamo kuti lichigwire mbali zonse.

Anayambitsa zimenezi ndi Louis-Nicolas Flobert wa ku France mu 1845, ndi kachipolopolo kopanda wonga kowombera chandamale m'nyumba. Mu 1857 kampani ya Smith & Wesson ya ku Springfield, Massachusetts, inatulutsa volovolo yake yoyamba, Model 1, yolowa zipolopolo 7, ndipo chipolopolo chake ndi chimene lero timati .22 Short. Ndiye kuti .22 ndi volovolo zinakulira limodzi kuyambira pachiyambi. Mu 1871 kunabwera .22 Long: chigoba chotalikirapo, koma mutu, mtovu umene umauluka uja, wofanana ndi wa Short, wa magiramu pafupifupi 1.9. Mu 1887 kampani ya J. Stevens Arms & Tool inatenga chigoba cha Long n'kuikapo mutu wolemererapo, wa magiramu 2.6, ndipo kunabadwa .22 Long Rifle, imene ambiri amangoti LR. Musanyengedwe ndi dzina lakuti Rifle, limene limatanthauza mfuti yaitali. Mavolovolo ambiri a .22 amene mungawaone lero ndi a LR.

Zitatu izi, Short, Long ndi LR, zili ndi kapangidwe kamodzi kamene kanatha kale pa zipolopolo zina. Tengani chimodzi muyendetse chikhadabo kuchokera pa mkuwa kupita pa mtovu. Simumva chitunda, chifukwa mutu ndi chigoba n'zonenepa mofanana, pafupifupi mamilimita 5.7. Kumbuyo kwa mutuwo kuli kamchira kochepa kamene kamalowa m'chigoba, koma mbali yaikulu ya mtovu ili panja, yopakidwa phula kuti iziterera mumpope. Choncho mu volovolo ya LR bowo la silinda, chitsulo chozungulira chija cholowamo zipolopolo, limakhala pafupifupi lofanana kukula kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Chigoba cha Short n'chotalika mamilimita 10.7, cha Long ndi cha LR ndi 15.6, koma kunenepa n'kumodzi. Mukaika Short m'bowo la LR, khoma limachigwira bwinobwino mbali zonse, ndipo mutu wake umangoyenda kamtunda kowonjezera usanafike pa mpope. N'chifukwa chake volovolo ya LR ikhoza kuwomba Long, Short, CB ndi BB popanda choopsa. Mfuti zina zimachita kulembedwa pampope kuti S, L, LR.

Pamenepa volovolo imaposa pisitolo yodzikokera yokha. Pisitolo imadalira mphamvu ya chipolopolo kuti itaye chigoba n'kukweza china, ndiye Short ikalowamo nthawi zambiri imakakamira. Volovolo ilibe nazo ntchito, poti chimene chimazunguza silinda ndi chala kapena chala chachikulu cha munthu. Eni ake amainyadira kuti imadya chilichonse. Ine ndimaona kuti kunyadira kumeneku ndi kumene kumawalowetsa m'mavuto, chifukwa munthu akazolowera kuti zonse zimatheka amasiya kuwerenga.

Ngakhale kusakaniza kololedwaku kuli ndi mtengo wake. Mukawomba Short zambiri, walitsani tochi ya foni m'mabowo a silinda yopanda zipolopolo. Muona kamzere kakuda kozungulira chapakati pa bowo, pamene chigoba chachifupi chija chimathera. Ndi mwaye wosakanikirana ndi phula ndi mtovu, ndipo ukakhalitsa umauma gwa. Tsiku limene mudzabwerere ku LR, chigoba chake chachitali chidzafika pa kamzere kaja n'kuima, mkombero utatsala pang'ono kukhala pansi. Ena amachikankha ndi chala mwamphamvu. Chikalowa mokakamiza, chimavuta kutuluka mukawomba, ndipo chikapanda kukhala pansi bwino kamsomali kamathera mphamvu yake pochikankha m'malo motswanya mkombero, mfuti n'kukana. Mankhwala ake ndi burashi ya mkuwa ndi mafuta otsukira mfuti. Osakolopa ndi msomali kapena waya, chifukwa bowo likakalika zigoba zizikakamira mpaka kalekale.

Kubwerera m'mbuyo ndiye ayi. Mfuti yolembedwa kuti .22 Short ndi ya Short yokha. Timavolovolo tina takale tili ndi mabowo obooledwa mowongoka, moti Long kapena LR ikhoza kulowa ndithu, koma chitsulo chake sichinapangidwire zimenezo. Komanso mfuti za m'zaka za m'ma 1800 zinapangidwira wonga wakuda, umene umayaka mofatsa poyerekeza ndi wa masiku ano. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 makampani anayamba kugulitsa zipolopolo za .22 zothamanga kwambiri, ndipo lero ndi zimene zachuluka. Short ya lero ndi yofanana msinkhu ndi ya 1857, koma mphamvu zake si zimodzi. Volovolo ya zaka zoposa 100, makamaka ija yothyoka pakati poika zipolopolo, ine ndingati isawombedwe n'komwe mpaka munthu wodziwadi za mfuti ataiyang'ana.

Palinso LR zina zothamanga mopitirira, monga Stinger ya kampani ya CCI, imene chigoba chake n'chotalikirapo pafupifupi mamilimita 2.5 kuposa LR wamba, mutu wake n'kukhala wopepukirapo. Mavolovolo ambiri atsopano amaiwomba bwino, koma opanga mfuti ena amailetsa, makamaka pa mfuti za mpikisano zimene mabowo ake ndi othina. Kabuku ka mfutiyo ndi kamene kangakuuzeni.

Tsopano tifike pa .22 Magnum, pamene anthu ambiri amapunthwa. Kampani ya Winchester inaitulutsa mu 1959, ndipo dzina lake lonse ndi .22 Winchester Magnum Rimfire, mwachidule WMR. Pa mavolovolo a Smith & Wesson mupeza palembedwa kuti .22 M.R.F., ndi chomwecho. Anthu amaiona ngati LR yotalika, koma inapangidwa mwa njira ina. Mutu wake ulibe kamchira kaja. Wonse ndi wonenepa mofanana, wokutidwa ndi mkuwa, ndipo umalowa mkati mwa chigoba. Kuti zimenezi zitheke chigobacho chiyenera kunenepa kuposa mutu: mamilimita 6.1 m'malo mwa 5.7, ndipo kutalika kwake ndi 26.8. Mukayendetsa chikhadabo pa Magnum mumva chitunda pamene mkuwa wa chigoba ukuthera.

Magnum siingalowe m'bowo la LR, poti ndi yonenepa. Mbali imeneyo mfuti imadziteteza yokha. Vuto lili mbali inayo. LR imalowa m'bowo la Magnum mosavuta, ndipo siigwera mkati chifukwa mkombero wake, wa mamilimita 7.1, ndi waukulu kuposa kukamwa kwa bowolo. Imakhala pamalo pamene kamsomali kakhoza kuifikira. Mukakoka trigger, kachitsulo kowombera ndi chala kaja, imalira.

Chimachitika mkatimo chikufanana ndi chubu ya njinga. Aliyense wa kabaza amadziwa kuti chubu payokha singasunge mpweya wambiri. Chimene chimaigwira ndi tayala. Mukaika chubu yaing'ono m'tayala lalikulu n'kupopa, imafutukuka kufunafuna khoma mpaka kuphulika. Chigoba cha LR m'bowo la Magnum chimatero. Bungwe la SAAMI la ku America, limene limaika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo, limalola LR kufika 24,000 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya, ngati wa m'matayala), ndipo mphamvu yonseyo imakankha mkuwa wopyapyala umene kumbali kwake kuli mpata. Nthawi zina chigoba chimangotupa n'kukakamira. Nthawi zina chimang'ambika m'litali, kapena kuphulikira pafupi ndi mkombero, mpweya wamoto ndi tizidutswa ta mkuwa n'kutulukira kumbuyo kwa silinda, kumene kuli dzanja ndi nkhope. Mutu nawo umayenda mpata wautali uli wogwedera usanafike pokhwimira, ndiye umalowa mumpope mopendekeka. SAAMI yomweyo inaika kusakaniza kumeneku pa mndandanda wa zoopsa.

Ndinaonapo mkulu wina wa cha ku Thondwe akuonetsa mphwake zimenezi pakhonde. Anachotsa silinda ya Magnum m'mfuti, mfutiyo n'kuiika patali, ndipo anaponya LR imodzi m'bowo.

"Malume, si chalowa bwinobwino chimenecho?" anafunsa mnyamatayo.

"Chalowa, mphwanga. Tagwira ugwedeze pafupi ndi khutu."

Mnyamata uja anatseka mkombero ndi chala mopepuka n'kugwedeza. Munkamveka kaphokoso, ke ke ke, mkuwa ukugunda chitsulo. Kenako mkuluyo anachotsa LR ija n'kuikamo Magnum. Inatsetsereka mpaka pansi n'kukhala zii, osagwedera ngakhale pang'ono.

"Ukamva chikulira choncho, chichotse," anatero. "Usadikire kuti chikuuze kachiwiri."

Mudzakumana ndi anthu okuuzani kuti iwo anawombapo LR mu Magnum ndipo palibe chinachitika. N'zoona, si nthawi zonse pamene chigoba chimang'ambika, poti mkuwa wa makampani umasiyana kufewa ndipo mabowo amasiyana kuthina. Koma palibe amene angadziwiretu kuti chong'ambika ndi chiti. Ena amasokonezeka ndi nkhani ya .38 Special, imene imawombedwa bwinobwino mu volovolo ya .357 Magnum. Pamenepo n'zololedwa chifukwa zigoba ziwirizo n'zonenepa mofanana, cha .357 changotalikirapo mamilimita atatu ndi pang'ono. Munthu akamva zimenezo amaganiza kuti lamulo ndi lakuti chaching'ono chimalowa mu chachikulu. Lamulo lenileni ndi kunenepa kwa chigoba. Chodabwitsa china n'chakuti malire a SAAMI a .22 Magnum ndi 24,000 psi omwewo. Magnum imathamanga kwambiri chifukwa ili ndi wonga wochuluka woyaka nthawi yotalikirapo, osati chifukwa LR ndi yofooka moti singavulaze.

Pakati pa ziwirizi pali .22 WRF, ya Winchester yomweyo, ya mu 1890. Zilembo zake zikufanana kwambiri ndi WMR moti pa mpope wadzimbiri munthu akhoza kuwerenga molakwa. WRF ndi imene Magnum inatengerako: chigoba chonenepa mofanana, koma chachifupi, mamilimita 24.5. Choncho WRF imakwana m'bowo la Magnum ndipo khoma limaigwira. Komabe opanga ena amalemba pakatoni kuti WRF yawo isawombedwe mu mfuti zam'manja, poopa kuti mutu wake, umene ndi wolemera koma wothamanga pang'ono, ungakakamire mumpope. Akalemba choncho, mverani. Mavolovolo ena akale a Colt anapangidwira WRF, ndipo m'menemo LR ndi yoopsa chimodzimodzi ngati mu Magnum, pomwe Magnum yeniyeni ndi yaitali komanso yamphamvu kuposa zimene mfutiyo inapangidwira.

Nanga bwanji mavolovolo amene amawomba zonse ziwiri, LR ndi Magnum? Alipo, ndipo ndi amene amachititsa anthu kuganiza kuti kusakaniza n'kololedwa. Chinsinsi chake n'chakuti amabwera ndi masilinda awiri. Yotchuka kwambiri ndi Ruger Single-Six, imene inayamba kupangidwa mu 1953 ngati ya LR, ndipo Magnum itabwera anayamba kuigulitsa ndi silinda yachiwiri. Heritage Rough Rider nayo imapezeka yotero. Mu volovolo chipolopolo chimaphulikira mu silinda, osati mumpope, ndiye mukasintha silinda mwasintha bowo lonse. Mpope wa mfuti zoterezi amauboola kuti ukwane mutu wa Magnum, umene ndi wonenepa pang'ono zedi komanso wolimba. Mtovu wofewa wa LR umafutukuka n'kudzaza mpatawo popanda vuto.

Zimenezi zikutanthauza kuti kuwerenga pampope pokha sikukwanira. Muyenera kudziwa silinda imene ili m'mfuti panthawiyo. Pa Single-Six zambiri zatsopano silinda ya LR ili ndi migula kunja kwake, pomwe ya Magnum ndi yosalala ndipo inalembedwa dzina, koma pa zakale zonse ziwiri zikhoza kukhala ndi migula. Njira yosanama ndi kuichotsa m'mfuti n'kuyesa Magnum: ikakana kulowa, silindayo ndi ya LR. Silinda iliyonse amaikonzera mfuti yakeyake kufakitale, ndipo Ruger imalemba manambala omaliza a mfutiyo pa silinda yachiwiri. Yobwereka kwa mnzanu ikhoza kulowa koma bowo lake osalunjika ndendende pa mpope, ndiye mtovu umametedwa m'mphepete n'kumalavukira m'mbali. Ndipo maganizo opita ndi silinda ya LR kwa wowotcherera zitsulo kuti akulitse mabowo ilowe Magnum, amenewo ndi kuika moyo pachiswe, komanso ndi kusintha mfuti imene chilolezo chake chimanena zina.

Mu 2002 kampani ya Hornady inatulutsa .17 HMR, ndipo inaonjezera chisokonezo. Anatenga chigoba cha .22 Magnum n'kuchifinya kukamwa kuti chigwire kamutu ka mamilimita 4.4. Kunsi kwake n'chimodzimodzi ndi Magnum, choncho chimalowa m'bowo la Magnum n'kulira, khosi lake n'kufutukuka kapena kung'ambika, kamutu kaja n'kumangogubuduka mumpope waukulu osadziwika kolowera. Choopsa koposa ndi kuika silinda ya .22 pa mfuti ya mpope wa .17, poti pamenepo mutu wa mamilimita 5.7 ukukakamizidwa kulowa pa bowo la 4.4. Mu 2004 kunabweranso .17 Mach 2, yochokera ku chigoba cha mtundu wa LR. Amene ali ndi mfuti za .17 ndi .22 zonse asaziike patebulo limodzi ndi zipolopolo zake zitamwazika.

Wina angafunse kuti bwanji osangowerenga kunsi kwa chipolopolo. Pa zipolopolo zikuluzikulu n'zotheka, poti nthawi zambiri pamalembedwa kukula kwake. Pa rimfire nthawi zambiri pamangokhala chizindikiro cha kampani: C ya CCI, F ya Federal, E ya Eley ya ku England, H pa zakale za Winchester. Katoni ikatayika, dzina la chipolopolo lapita nayo. Chotsala ndi kuyeza ndi kuyang'ana ngati mutu uli ndi chitunda chija kapena ayi. Long ndi LR ndiye zimavuta kusiyanitsa, koma mwamwayi kusokoneza ziwirizi mu mfuti ya LR sikuvulaza.

Ngakhale chipolopolo chikhale choyenera, volovolo ili ndi khalidwe lake limene wozolowera mfuti yaitali sangalidziwe. Pakati pa silinda ndi mpope pali kampata, kochepa ngati mmene ilili pepala imodzi kapena ziwiri, pafupifupi 0.1 mpaka 0.2 ya milimita. Popanda kampatako silinda singazungulire. Nthawi iliyonse mukawomba, moto ndi mpweya zimatulukira pamenepo m'mbali zonse ziwiri. Pa LR zimatentha chala chikakhala pafupi. Pa Magnum zikhoza kucheka khungu. Dzanja lothandizira lizikhala kumbuyo kwa silinda, ndipo munthu woonerera aziima kumbuyo kwa wowomba, osati pambali. Magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu n'zofunika ngakhale pa .22, makamaka Magnum, imene mu mpope waufupi imalira mogonthetsa m'khutu chifukwa wonga wambiri umapsera panja.

Kampata komweko kamabanso mphamvu. Tizipolopolo tofooka monga CB, kapena Colibri ya kampani ya Aguila ya ku Mexico imene ilibe wonga n'komwe, timakhala ndi mphamvu yongokwanira kutulutsa mutu. Mpope ukakhala wautali kapena wakuda ndi mwaye, mutuwo ukhoza kuima panjira. Chipolopolo chakale chimene chinalowa chinyontho chimachitanso chimodzimodzi. Chizindikiro chake ndi kulira: m'malo mwa kuti phaa, mumva kuti pwi, ndipo dzanja silimva kanthu. Mukatero imani pomwepo. Pisitolo nthawi zambiri imakakamira yokha zikatere, koma volovolo imakulolani kuzunguza silinda n'kuwomba china pamwamba pa chokakamiracho, mpope n'kutupa kapena kung'ambika. Chotsani zipolopolo zonse, kenako lowetsani kandodo kotsukira kuchokera kutsogolo muone ngati katulukira kumbuyo. Osasuzumira mumpope mfuti ili ndi zipolopolo.

Kukana kulira kumachitika kawirikawiri pa rimfire kusiyana ndi zipolopolo zina, chifukwa mankhwala aja samwazika mofanana mumkombero nthawi zonse, ndipo ena amagumuka chipolopolo chikamagwedezeka m'thumba kapena m'galimoto zaka zambiri. Koma chokana chikhoza kukhala chongochedwa. Mu mfuti yaitali, chochedwa chimatulukira mumpope. Mu volovolo, mukafulumira kukoka kanyundo kakumbuyo kamene kamamenyetsa kamsomali, silinda imazungulira ndipo chipolopolo chija chimachoka pa mpope n'kukayang'ana chitsulo cha mfuti, pafupi ndi dzanja lanu. Chikaphulikira pamenepo palibe kolowera kwabwino. Choncho mfuti ikangoti tcha osalira, ikhalebe yoloza kumene mumawombera, werengani masekondi 30, kenako tsegulani.

Mavolovolo akale okoka kanyundo ndi chala chachikulu alinso ndi vuto lina. Kanyundo kakagona, kamsomali kake kamatha kukhala katatsamira pa mkombero wa chipolopolo, ndipo mfuti ikagwa pansi n'kumenya kanyundoko imalira. Ruger inathetsa zimenezi mu 1973 poika kachitsulo kotchinga kamene kamakwera pokhapokha trigger ikakokedwa. Za kale chaka chimenecho chisanafike, ndi zina zopangidwa mofanana, zimanyamulidwa bowo limodzi lili lopanda kanthu, kanyundo katagona pa bowo limenelo. Kuwomba mfuti ya rimfire yopanda chipolopolo, kongoyeserera, nakonso n'kosayenera pokhapokha wopanga atalola, chifukwa kamsomali kamamenya m'mphepete mwa bowo n'kusiya kachitunda kamene kamadzakola zigoba.

Kukanyowa njoka zimachuluka, ndipo ena amafunsa za zipolopolo za LR zodzaza timtovu ting'onoting'ono ngati mchenga. Mu volovolo ya LR zimagwira, koma pafupi pokha, mamita ochepa, ndipo pa simenti kapena pamwala timtovuto timabwerera. Za LR zikhale za silinda ya LR, poti zilipo zake za Magnum. Chipolopolo wamba cha LR ndiye musachipeputse. Pamakatoni ambiri amalemba kuti n'choopsa mpaka mailosi imodzi kapena imodzi ndi theka, ndiko kuti makilomita 1.6 mpaka 2.4. Chimathamanga pang'ono ndipo mtovu wake suphwanyika msanga, choncho chimakonda kunjanja pa mwala, pa nthaka youma, ngakhale pamadzi. M'mphepete mwa phiri la Zomba muli miyala paliponse, ndipo kuseri kwa tchire lililonse kuli munda, njira ya otola nkhuni kapena nyumba. Kumbuyo kwa chandamale kuzikhala chulu kapena mulu wa dothi lofewa. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima, chifukwa mtovu wa LR uli poyera ndipo umatsalira pa zala.

Nyengo ya kuno siikomera rimfire. Mutu wa kamchira uja sutseka chigoba molimba, moti mukaugwira ndi zala nthawi zina umazungulira. Chinyontho cha dzinja ndi nkhungu ya chiperoni zimalowera pamenepo, ndipo mafuta a mfuti nawonso akalowa amapha wonga ndi mankhwala oyatsira. Kutentha kwa Okutobala kumasungunula phula, fumbi n'kumatirira, fumbilo n'kukakala mpope. Zisungeni m'katoni yake, mtundu uliwonse pawokha, katoniyo muiike m'chitini chotseka bwino, chokhoma, kutali ndi mfuti komanso kumene ana sangafike. Zimene mkuwa wake wabiriwira, mtovu wake wayera ngati ufa, kapena zopindika, zatha ntchito. Musayese kuzisula ndi pulayala, chifukwa kufinya mkombero n'chimodzimodzi kuumenya ndi kamsomali. Musaziponyenso kudzala, poti zinyalala kuno timazitentha, ndipo chipolopolo chikapsa chimaphulika n'kumwaza mkuwa kwa ana amene azungulira motowo. Zikulungeni padera, mutenge ndi chilolezo chanu, mukazipereke ku polisi.